Madzi Amene Anagwera pa Pampu

Mtendere ukhale nanu, abale ndi alongo a m'chigwa cha Honde muno, a ku Chipinge, ndi inu nonse amene mawu awa akupezeni kumene muli. Dzina langa ndine Joyisi. Kumasowe, kumene mpingo wathu umapempherera, amati Madzimai Joyisi, koma abambo anga amandiitana Nambewe mpaka lero. Ndikufuna kuchitira umboni za chaka chimene ntchito yanga yotchola tiyi inatha, tinauzidwa kuti tichoke m'nyumba ya pa esiteti, ndipo abambo anga anatsala pang'ono kukathera kunyumba yosungira okalamba ku Mutare. Ndinali nditadutsa kale zaka makumi anayi. Lero ndimakonza magalimoto pa Ruda, ndipo ambiri akandiona ndikutuluka pansi pa galimoto duku lili kumutu amafuna kudziwa kuti zinayamba bwanji.

Abambo anachoka ku Mulanje ali mnyamata, anadutsa m'Mozambiki wapansi, ndipo anatchola tiyi m'chigwa muno mpaka msana unapindika. Ine ndinabadwira m'komboni, ndinakulira m'komboni, ndinakwatiwira momwemo. Anzathu Achimanyika, eni dera lino, ntchito ikawathera amamanga katundu n'kupita kumudzi kwawo kukalima nthochi. Ife ana a obwera tilibe kumeneko. Tikamati kwathu timaloza chitseko cha nyumba ya kampani, ndipo chitsekocho chimakhala chako ukadali pa ntchito basi. Amayi anamwalira kalekale, mwamuna wanga nayenso anatisiya. Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ku Gaza, ku Chipinge, kumene amapanikizana m'chipinda chimodzi cha lendi ndi mwamuna wake ndi ana. M'nyumba mwathu tinatsalamo awiri, ine ndi abambo, amene maso awo anali atayamba kuchita mdima.

Ndikuuzeniretu khalidwe langa: ine ndimafunsa. Ndili mwana ndinamasula wotchi ya pakhoma imene kampani inapatsa abambo, kuti ndione chimene chimalira m'kati mwake. Wotchiyo sinayendenso, ndipo ine tsiku limenelo ndinagona chafufumimba. Amayi ankati ana ena amabadwa akulira, ine ndinabadwa ndikufunsa. Ndikawayankha kuti safunsa anadya phula, ankandithamangitsa ndi tsache.

Makina otchola tiyi atabwera, anzanga anawatukwana, ndipo chifukwa anali nacho. Amuna awiri agwira makina uku ndi uku, akuyenda nawo pamwamba pa mzere, masamba akungolowa m'thumba, ntchito ya amayi ambirimbiri yatha dzuwa lisanafike pamutu. Inenso mtima unandiwawa. Koma pa nthawi yopuma ndinapezeka nditagwada pambali pa makinawo, ndikusuzumira kuti mipeni yake imayenda bwanji. Kapitawo anaseka, amvekere, "Mai Joyisi, mukusirira mano a fisi amene wabwera kudzadya mbuzi zanu?"

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba ndithu, kungoti ife tinatseka makutu. Mvula itayamba kuchepa anatiitana ife achikulire n'kutiuza kuti sitidzafunikanso. Chifukwa choti abambo anagwira ntchito nthawi yaitali, akuluakulu a esiteti anatilola kukhalabe m'nyumbamo mpaka mvula yoyamba ya nyengo yotsatira, pamene nyumbayo idzafunike kwa ogwira makina. Sindingawanenere zoipa, anatilezera mtima. Koma ine kuyambira pamenepo ndinayamba kuopa mitambo.

Mlongo wanga wa ku Joni anaimba foni. "Sisi, bwerani kuno, basa la m'nyumba liripo. Mdala mukamusiye kwa okalamba ku Mutare, amadya bwino kumeneko." Basa ndiye ntchito, ndipo sanali kunena mwankhanza. Abambo analibe mapepala owolokera malire, ndipo iye ankaona kuti njira ina palibe. Koma ine malowo ndinkawadziwa, chifukwa tinapitako ndi amayi a kumpingo kukapereka sopo. Ndi malo aukhondo, owasamalira ndi anthu abwino. Kungoti odzaza pamabenchi paja ambiri ndi akwathu, amuna a ku Malawi ndi ku Mozambiki amene anakalambira m'mapulazi. Agogo ena atandimva ndikuyankhula Chinyanja anandigwira dzanja osafunanso kulisiya, akundifunsa ngati ndikudziwa aliyense wa ku Phalombe. Ndinalumbira mumtima kuti abambo anga sadzakhala pa benchi imeneyo kudikira mlendo woti awayankhule chiyankhulo chawo.

Kulumbira n'kosavuta. Ndinayamba maganyu osenza nthochi kuchokera m'minda kufika kumsewu, koma zimene ndinkapeza zinkathera m'kamwa. Ndinafunsa malo kwa anthu, ena anandiseka, ena anandimvera chisoni, zonsezo sizinandipatse denga. Ndinasala kudya, ndinakwera phiri, ndinalira. Pemphero langa linali limodzi: Ambuye, ndibwezereni dengu langa lotcholera tiyi. Ndinkachita kumuuza Mulungu chochita ngati ndine kapitawo wake. Masiku ena ndinkadzuka mtima uli gwa, osafunanso kupemphera, n'kumangoyang'ana abambo akupapasa khoma kufuna ndodo yawo.

Pa Pasaka mpingo wathu unali ndi msonkhano kumtunda, kunja kwa chigwa. Ife ena tinakwera pikapu ya Madzibaba Lazaro, m'bale wa mumpingo amene amanyamula nthochi za anthu. Galimotoyo ndi yakale kuposa ena mwa ife amene tinakwera. Amene mumaudziwa msewu wotuluka mu Honde mukudziwa mmene umakhotera ngati njoka uku ukukwera. Dzuwa linali likuswa mtengo. Tili pakati pa chikweza galimoto inayamba kutsokomola, inanjenjemera, n'kuzima. Amuna anadumpha kukaika miyala kumatayala. Madzibaba Lazaro anatsegula boneti, anagwedeza mawaya, anamenya batire ndi mwala, koma galimoto inangoti ziii.

Tinali ndi Mbuya Rute, mayi wokalamba amene amatipempherera madzi. Anatsika pang'onopang'ono ndi botolo lawo la muteuro, madzi opemphereredwa aja amene anatunga kumtsinje m'mawa n'kuwakulunga mu nsalu yonyowa. Za injini sadziwa chilichonse. Anangoima, anayamba nyimbo, tonse tinalandira, kenako anapendeketsa botolo n'kuthira madzi onse pamalo amodzi m'mbali mwa injini. Panachita phokoso ngati madzi agwera pa chiwaya chamoto. Anadikira pang'ono n'kunena kuti, "Liza mota, mwana'ngu." Madzibaba analiza, ndipo galimoto inadzuka.

Abale anga, kunali nthungululu pamsewu paja. Amayi anavina, amuna anakweza ndodo. Inenso ndinaimba, ndipo ndinakhulupirira ndi mtima wonse kuti Mulungu watithandiza. Koma ulendo wonse funso linandikhala pakhosi. Mulunguyo wagwira chiyani m'katimo? Chinafa n'chiyani, nanga chadzuka n'chiyani? Ndinafunsa Madzibaba Lazaro, iwo anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Madzimai, muteuro unoshanda, umagwira ntchito, basi. Saka mukufuna kumasula Mzimu ndi sipanala?" Amayi ena anayamba kunong'onezana kuti ulova wandichepetsa chikhulupiriro. Mbuya Rute okha ndi amene anaseka. Anati, "Musiyeni. Ine ndinangomva kuti thira apa. Akafunse odziwa, adzandiuzenso ine."

Odziwawo anali a Zuze, makaniko wachikulire amene ali ndi galaja pansi pa mtengo wa mapeyala pa Ruda. Makolo awo anachokera ku Mozambiki, ndipo Chinyanja chawo amachithira Chipwitikizi apo ndi apo. Ndinapitako tsiku lina nditatula nthochi, thukuta lili kamukamu, n'kuwafotokozera zonse. Ndinkayembekeza kuti andiseka. Iwo anapukuta manja, anandifunsa kuti madziwo anagwera mbali iti, kenako ananditengera ku galimoto ina yakale n'kuloza kachitsulo konga chikho chovundikira.

"Iyi ndi bomba, mana," anatero. Bomba ndi mmene iwo amatchulira pampu, ndipo mana ndi mlongo. "Imakoka petulo kuchokera kuthanki. Ikatentha kwambiri pa chikweza, petulo amasanduka mpweya, bomba imangokoka mpweya, injini imafa ndi njala. Ukaithira madzi ozizira, petulo amabwerera. Pronto." Kenako anakanda mutu. "Koma agogo akowo akanathira cha kuno, pa mawaya a moto, mukanagona pamsewu. Anawauza ndani pothira?"

Tsitsi linandiima. Ndinapita kukafunsa poganiza kuti mwina yankho lindichotsera chozizwa changa, koma ndinabwerako nacho chitakula. Mayi wosadziwa pampu ndi batire kusiyana kwake anathira madzi pamalo aang'ono ngati chikhatho, pamene pokhapo panafunika. Ndinamva chimwemwe chimene ndinali ndisanachimve chiyambire kutha kwa ntchito. Ndipo funso limodzi linabala anzake. Nanga petuloyo akachoka pa pampu amapita kuti? Nanga motowo umachokera kuti? A Zuze anayankha mpaka anatopa, kenako anati ngati ndikufuna kuwatopetsa tsiku ndi tsiku, ndizibwera ndizitsukako zitsulo uku ndikufunsa.

Umu ndi mmene ndinayambira. M'mawa nthochi, ikatha ntchito ndinkakwera lole yomweyo ya nthochi kufika pa Ruda, madzulo n'kupeza ina yobwerera. Ndinatsuka zitsulo mu palafini mpaka zala zinasenda. Ndinaphunzira maina a masipanala, kusintha oyilo, kuchotsa mpweya m'mabuleki, kumvetsera injini ndi ndodo yoika kukhutu. Ndinalakwitsa zambiri. Tsiku lina ndinamanga bawuti mwamphamvu ngati ndikumanga mtolo wa nkhuni, mpaka inaduka, ndipo a Zuze anayankhula Chipwitikizi chimene sindinapemphe kuti andimasulire. Koma panali chinthu chimodzi chimene anachiona mwa ine. Zala zawo zinali zitayamba kuuma ndi nyamakazi, pamene zanga zinazolowera kupeza nsonga ya tiyi maso akuyang'ana kwina. Pakakhala nati yobisika kuseri kwa injini, ankangoti, "Mana, bwera ndi zala zako za tiyi."

Vuto linabwera ndi zovala. Poyamba ndinkagwira ntchito ndi diresi lalitali ndi chitenje, monga mwa mwambo wathu. Tsiku lina ndinawerama pa injini ikulira, nsonga ya chitenje n'kukodwa mu lamba wa fani. Chinandikoka kamodzi kokha, a Zuze n'kuzimitsa msanga. Anakwiya kwambiri, anandiponyera ovolosi, n'kunena kuti ndisankhe pakati pa kuvala iyo ndi kukhala kunyumba. Kumpingo kwathu mkazi savala za miyendo iwiri. Ndinalimbana nazo mumtima, ndinakafunsa Mbuya Rute. Iwo anaitembenuza ovolosiyo uku ndi uku, n'kunena kuti ndiziivala pa galaja pokha, duku lisachoke kumutu, ndipo ndikamatuluka ndizimanga nsalu pamwamba. Ndinatero. Koma Ruda si patali, ndipo anthu ali ndi maso.

Mawu anafika m'komboni ine ndisanafike. Akuti mwana wa a Mbewe akuvala thalauzi, akugona pansi pa magalimoto pakati pa amuna, ulova wamusokoneza mutu. Ena ankanenera pafupi ndi abambo, poganiza kuti munthu wosaona bwino samvanso. Abambo sanandifunse kanthu. Anangoyamba kuchepetsa mawu, ndi kudya komwe. Madzulo ena anandigwira dzanja, anapapasa mabala a m'zala zanga, n'kunena kuti, "Nambewe, ukanakhala wekha ukanapita kale ku Joni." Ndinawayankha mwanthabwala kuti ku Joni kulibe a Zuze oti ndiziwavutitsa. Sanaseke.

Nthawi inkatha. Kunatentha, mitengo inaphuka, ndipo masana mitambo inayamba kuunjikana pamwamba pa mapiri. Nyumba inali isanapezeke. Chodabwitsa n'chakuti ine wofunsa chilichonse, ichi chokha chinandikanika kufunsa. A Zuze sindinawauze kuti mvula ikagwa ndilibe kopita, chifukwa ndinkaopa kuti aganiza kuti ndinabwera kudzapempha osati kudzaphunzira. Pemphero langa linasintha. Ndinasiya kupempha dengu, ndinkangoti, Ambuye, Inu amene munaonetsa Mbuya pothira madzi, ndionetseni inenso popondapo.

Tsiku lina ndinafika pa galaja m'mamawa chifukwa nthochi kunalibe. Ndinapeza pikapu ya Madzibaba Lazaro ili pansi pa mtengo. Anati akufuna matenda aja ozima pa chikweza atheretu lero lomwe, chifukwa masana ali ndi ulendo wa ku Mutare ndipo wokwera wake si munthu woti n'kumuimika padzuwa. Ndinafunsa kuti ndani. Anati munthu. Ndinafunsa kuti akudwala kodi. Anayang'ana kumapazi, amvekere, "Madzimai, mibvunzo yanuyi. Ingokonzani mota." Kenako anati akukagula mafuta a m'chigubu, n'kuchoka mofulumira.

A Zuze anakoka mpando, anakhala pansi, anapinda manja. "Iyi ndi yako, mana. Ndi imene inakubweretsa kuno. Ine lero ndine mlendo."

Chidwi chinaposa mantha. Kwa miyezi yonseyi ndinkafuna kudziwa chifukwa chimene pampu ya galimoto imeneyi inkatenthera kuposa ya anzake. Ndinalowa pansi n'kuyamba kutsata paipi ya petulo ndi zala kuchokera kuthanki. Chapakati ndinapeza kuti wina kalekale anaidula, anailumikiza, n'kuimangirira ndi waya pafupi penipeni ndi ekizozi, pamene pamatentha koposa. Petulo ankafika pa pampu ataphikidwa kale. Ndinafuula pansi pomwepo ngati ndatola ndalama. Ndinamasula waya, ndinapeza paipi ina yabwino pa galimoto yakufa ya kuseri, ndinaidutsa kutali ndi moto, n'kuimanga bwinobwino. Pampu ndinaitsegula, kachikopa ka m'kati kanali katatopa, ndinaika kena. A Zuze anayendetsa, ine ndili pambali, tinakwera chikweza mpaka kupitirira paja tinavinira. Injini sinatsokomole ngakhale kamodzi.

Madzibaba Lazaro anabwera, anathokoza osandiyang'ana kumaso, n'kunyamuka. Ine ndinali ndikusamba m'manja pamene a Zuze anandiitana kuseri kwa galaja. Kumeneko kuli nyumba ya zipinda ziwiri, imene inali yodzaza ndi magiyabokosi ndi matayala akale. Anati mphwawo amene ankagonamo anapita ku Beira, ndipo akuba ayamba kuzolowera mabatire a makasitomala. Akufuna munthu wokhala pamalopo, koma osati mlonda chabe, akufuna munthu woti manja awo akakanika azigwira ntchito. "Sindimapatsa kiyi munthu amene sanachize galimoto yekha," anatero. "Iwe wachiza. Koma mwina uli ndi nyumba yabwino ku esiteti, sungafune fumbi ili."

Ndinakhala pansi pa tayala n'kulira ngati mwana. Ndipamene ndinawauza zonse, za mvula, za abambo, za benchi ya ku Mutare. Anandikalipira kuti ndimafunsa za mapulagi tsiku lonse koma za denga ndimakhala chete, kenako anandipatsa kiyi n'kunena kuti ndithamange ndikauze mdala. Ndinamanga nsalu pamwamba pa ovolosi, osasinthanso, n'kuimitsa lole yoyamba yolowera kwathu.

Nditakhota pa mzere wa nyumba zathu ndinaona pikapu ija itaima pakhomo pathu. Poyamba ndinasangalala, ndinkati Madzibaba adzera kudzauza abambo za ntchito yanga. Kenako ndinaona sutikesi ya abambo kumbuyo, bulangete lawo lili pamwamba lomangidwa ndi chingwe. Abambo anali atakhala kutsogolo, atavala jekete la kumaliro ndi chipewa. Anansi angapo anagwada mozungulira, ndipo Madzibaba Lazaro anali pakati pa pemphero la ulendo. Munthu uja wosayenera kuimikidwa padzuwa anali abambo anga, ndipo galimoto yowatengera kwa okalamba ndinaikonza ine ndi manja anga.

Amene mumawadziwa Madzibaba Lazaro mukudziwa kuti akayamba kupemphera amayambira ku Genesis. Takhala tikudandaula nazo zaka zambiri, koma tsiku limenelo ndinathokoza Mulungu chifukwa cha kutalika kwa pemphero lawo. Pambuyo pake anandiuza kuti analitalikitsa dala, chifukwa abambo anawalumbiritsa kuti asandiuze, koma mtima wawo sunkafuna kuliza galimoto.

Sindinadikire ameni. Ndinatsegula chitseko n'kugwada pa fumbi. "Abambo, mukupita kuti osanditsanzika?"

Anatembenukira kumene kunkachokera mawu. "Nambewe, wabwera msanga bwanji? Ndimafuna upeze nditapita. Mwana wamkazi sangamagone pansi pa magalimoto, anthu akumuseka, chifukwa cha nkhalamba imene yadya kale zake. Kumene ndikupitako kuli anzanga. Iwe upite ku Joni ukapume."

"Ndani anakuuzani kuti ndikuvutika?" ndinatero, ndipo ndinakwiya ndithu, misozi ikutsika. "Pansi pa galimoto ndimapitapo chifukwa ndimapakonda. Galimoto mwakwerayi ndakonza ndine, ndekha. Ndipo nyumba yapezeka, pa Ruda, zipinda ziwiri. Chimodzi ndi chanu."

Anafunsa ngati ndikunena zoona kapena ndikungowanyengerera ngati mwana. Ndinatenga kiyi amene a Zuze anandipatsa n'kumuika m'dzanja mwawo. Anamupapasa, anamutembenuza. Kenako ananena motsitsa kuti, "Ndiye pali vuto. Dzulo ndinapita kumanda. Amayi ako ndawatsanzika kale."

Anansi anatithandiza kukweza katundu yense tsiku lomwelo: bedi, mipando, mapoto, nkhuku m'dengu langa lakale lotcholera tiyi. Tisanalowe mumsewu wa ku Ruda abambo anapempha kuti tidzere kumanda a pa esiteti, kuseri kwa mitengo ya bulugamu. Kumpingo kwathu sitiyankhula ndi akufa, ndipo Madzibaba Lazaro amalalikira zimenezi mwamphamvu. Tsiku limenelo anaimitsa galimoto, anatsika, n'kuyamba kuyang'anitsitsa tayala limene linalibe vuto lililonse. Ine ndinawagwira abambo dzanja mpaka pa mtumbira wa amayi. Anavula chipewa, anakonza kukhosi, n'kuyankhula ngati munthu amene wabwerera pakhomo ataiwala kanthu.

"Nachisale, ndine ndemwe. Zija ndinanena dzulo uzitaye. Sindikupita kutali. Ndili pa Ruda pompa, kwa mwana wathu makaniko."

Mvula yoyamba inatipeza tili m'nyumba yathu yatsopano, ndipo denga linadontha pakona imodzi yokha. Sindikunamizeni kuti zonse zinasalala. Ndikuphunzirabe, magalimoto atsopano a makompyuta amandizunguza mutu, ndipo alipo amuna amene akandiona amafunsa kaye ngati bwana alipo. Alipo a mumpingo amene mpaka lero ovolosi yanga imawakhala pakhosi. Ndimawapatsa moni, ndipo mabuleki awo akavuta ndimawakonzera.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandimana dengu limene ndinkalirira. Ndikuthokoza Mbuya Rute amene sananditseke pakamwa, a Zuze amene anapirira mafunso anga, ndi Madzibaba Lazaro chifukwa cha pemphero lawo lalitali. Inu amene ntchito yakutherani tsitsi litayamba kuyera, amene mukuyang'ana mitambo ndi mantha monga ndinkachitira ine, musaleke kupemphera, ndipo musachite manyazi kuyamba pansi pakati pa anthu okusekani. Ndipo inu amene muli ndi makolo okalamba pakhomo, muziwauza ndi pakamwa kuti si katundu. Ine ndinkaganiza kuti abambo akudziwa, osadziwa kuti munthu amene amakukonda akhoza kulongedza sutikesi mwakachetechete kuti akupepukitse. Ndikanachedwa pang'ono, ndikanapeza nyumba ya zipinda ziwiri ndilibe woika m'chipinda chinacho.

Ambuye akusungeni nonse, inu ndi okalamba anu. Ameni.